Mpando Wofulatira Ana

A Zakeyu Mbewe tawaika m'manda Loweruka lapitali. Kumandako anthu analankhula zokoma monga mwa masiku onse: ati anali munthu wopemphera, wofatsa, wokonda ana. Ine mumtima munkawira. Wofatsa ndani? Bambo aja anali amakani kuposa bulu, ndipo makani omwewo anatsala pang'ono kuwakweza sitima. Pa onse amene analankhula, palibe anatchula za mpando. Ndiye ndati ndinene ndine, poti amene tinaona ndi maso athu tatsala ochepa.

Amene mwakulira ku Lwendulu, komboni ya mgodi wa malasha kuno ku Hwange, mukuwadziwa makhalidwe awo. Ankakhala pakhonde la nyumba ya mwana wawo Filipo, mpando utayang'ana kukhoma, msana uli kumsewu. Alendo ankayesa kuti akuthawa dzuwa, ena ankati ndi ukalamba. Ana a masiku ano, awa ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chindebele, anasandutsa zimenezi masewera. Mwana ankabwera monyang'ama, n'kuima kumbuyo kwawo, n'kufunsa kuti, "Khulu, ngingubani?" ndiko kuti, agogo, ndine yani? A Mbewe, osatembenuka, ankatchula dzina la mwanayo ndi la bambo ake, mwina n'kuwonjezera kuti apite akamine. Anawo ankaseka n'kuthamanga kukaitana anzawo. Sankadziwa kuti mpandowo unatembenuka chifukwa cha mlandu, ndipo mlanduwo unachitikira m'kalasi mwanga.

Ndinayamba uphunzitsi m'zaka za m'ma 1950, tauni yathu ino ya Hwange ikadatchedwa Wanki. Ndinali mtsikana wobadwira konkuno, bambo anga anali kalaliki wochokera ku Nyasalandi. Anandipatsa kalasi ya ana ongoyamba kumene, odzaza mpaka pakhomo, aliyense ndi chilankhulo cha kwawo: Chinyanja, Chinambya, Chitonga, Chilozi, Chibemba. Ahedi atati andipatsa wondithandiza, ndinkayembekezera mtsikana mnzanga. M'malo mwake munalowa bambo a msinkhu wa bambo anga, akukoka mwendo wakumanzere.

Asanabwere kusukulu ankagwira pansi pa mgodi, ndipo ntchito yawo inali yogogoda denga. Ankatsogola ndi chitsulo chachitali, n'kumamenya mwala wapamwamba, khutu lili tcheru. Mwala wolimba uli ndi kalilidwe kake, wofuna kugwa ulinso ndi kake. Akamva kuti pamwamba pasiyana, ankakuwa kuti "Basopa!" anthu n'kuthawa. Tsiku lina mwalawo unawapeza eni ake n'kuwaphwanya ntchafu. Atachira, pansi sakanabwererakonso, ndipo masiku amenewo nyumba ya m'komboni inali ya ntchito, osati ya munthu. Ntchito ikatha, nyumba yatha, umalandira tikiti n'kukakwera sitima pa Thomson Junction. Kwa a Mbewe ukanakhala ulendo wa ku Dowa, kumene anachoka ali mnyamata ndipo makolo anatha kalekale. Mkazi wawo anali Mnambya wa konkuno, ana awo sanapondepo ku Nyasalandi. Mwamwayi ankatha kuwerenga pang'ono, ndipo zilankhulo zonse za pansi ankazimva, ndiye anawaponya kusukulu. Kampando ka kumbuyo kwa kalasi yanga ndi kamene kankasunga banja lonselo pansi pa malata.

Nanga ntchitoyo inali ntchito? Kusongola mapensulo a sileti, kutunga madzi mu ndowa, kupukuta bolodi, kuperekeza wolira kuchimbudzi, kumenya chidutswa cha njanji chomwe chinali belu lathu, ndi kundimasulira mwana akakakamira chilankhulo cha amake. Zonsezi zinkatha dzuwa lisanakwere. Kenako kunali kukhala basi, kumvetsera a, e, i, o, u mpaka masana, mawa lake a, e, i, o, u yemweyo. Choko sankaloledwa kugwira chifukwa analibe satifiketi.

Amene simunakhalepo ku Hwange mwezi wa Okutobala musandiuze za kutentha. Malata ankachita kuthetheka, fungo la mauvuni a malasha likulowa pawindo, fumbi lakuda likudzaza pa masileti. Ndiye munthu amene anazolowera kuti moyo wa anzake uli m'khutu mwake akhale pamenepo, akumvera ana akuimba ma, me, mi, mo, mu. Kunyong'onyeka kunkawadya bambo aja. Ndikakhala kutsogolo ndinkawaona mutu ukugwa, iwo n'kuudzutsa, ukugwanso. Anayesa kutafuna mtedza, ndinawaletsa chifukwa ana onse ankayang'ana pakamwa pawo. Anayesa kuluka dengu, ahedi anati pano si pamsika. Tsiku lina tulo tinawagwetsa pampando, ndowa n'kugubuduka, madzi mbwee pansi, ana kuseka mpaka misozi. Iwo sanaseke. Titaweruka anandidikira pakhomo.

"Aphunzitsi, ndipatseni choko. Ngakhale ana ochepa okha a pakona apo."

"Bambo Mbewe, mukudziwa kuti sindingathe. Woyendera masukulu akatipeza, tonse ntchito yatha."

"Ndiye ndizitani? Ndinapulumuka pansi paja kuti ndidzafere pa mpando?"

"Pezani chochita chosasokoneza kalasi. Koma kugona kokha ayi."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kumapita akukoka mwendo wawo.

Chochita anachipezadi, ndipo anachitcha mwana wa lero. M'mawa uliwonse ankasankha mwana mmodzi, n'kumuyang'ana kuyambira belu loyamba mpaka lotsiriza. Ankaona m'mene akugwirira pensulo, khutu limene akutcherera, ngati wabwera atadya, amene akumuopa, ngati akuimbadi ndi anzake kapena akungogwedeza milomo. Tikaweruka, iwo akusesa, ankandiuza zimene aona. Tulo tinatheratu. Ankakonda kunena kuti pansi pa mgodi munthu saphedwa ndi mwala koma ndi kuzolowera, chifukwa denga limagwera amene watopa kuliyang'ana. Ankatinso ife aphunzitsi timaona mitu, koma kumbuyo n'kumene kumaoneka ana.

Zina zinkandithandiza, sindikana. Mnyamata wina amene ndinkamuyesa wamwano anapezeka kuti khutu lina silimva, ndinamusamutsira kutsogolo. Koma tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse. Maso awo anali aakulu, ofiira ndi fumbi la zaka zambiri, ndipo sankaphethira msanga. Mwana akacheuka n'kupeza maso amenewo ali pa iye, pensulo inkagwa. Ndinawauza kuti aziyang'ana mobisa, iwo anati mbala ndiyo imayang'ana mobisa. Amayi a m'komboni anawapatsa dzina loti a Chimaso. Ndipo si nthawi zonse pamene ankalondola. Tsiku lina anapita kukauza mayi wina kuti mwana wawo ali ndi njoka za m'mimba, poti wakhala atagwira pamimba tsiku lonse. Mayiyo pomuvula malaya anapeza mwana wa nkhunda. Ndinawaseka sabata yathunthu, iwo n'kundinyanyala osandipatsa moni.

Kupita m'makomo kumeneku ndi kumene kunali koopsa. Kwathu kuno matenda satchulidwa asanafike. Ukaona mwana wa mnzako wafooka, umazungulira. Umafunsa ngati wagona bwino, kapena umatuma mkazi wako kuti akamutsine khutu mnzake pa mpopi. Koma munthu wamwamuna, wosakhala mbale, kuima pakhomo la eni ake n'kunena kuti mwana wanu akudwala pamene mwanayo akusewera pabwalo, funso limakhala limodzi: wadziwa bwanji? A Mbewe mwambowu ankaudziwa bwinobwino, si kuti anakulira kuthengo. Kungoti ankati ukamva denga likulira suyamba ndi moni.

Mavuto anayambira pa Yusufu, mwana wa a Saidi, telala wachisilamu wochokera cha ku Mangochi. Tsiku limene Yusufu anali mwana wa lero, a Mbewe anaona kuti mnzake akamuitana akutembenuka thupi lonse m'malo mwa khosi, ndipo akuphimba maso ku kuwala. Madzulo omwewo anakaima pa makina a a Saidi n'kuwauza kuti apite naye kuchipatala lero lomwe. A Saidi anali ndi zovala za ukwati zofunika msanga, anati mawa. Mawa linasanduka mkuja. Pamene ankapita naye, khosi linali litauma, ndipo sabata isanathe tinamuika. Palibe analankhula poyera, koma pa mpopi amayi ankatsitsa mawu mkazi wa a Mbewe akamafika.

Patapita zaka zambiri, tonse titapuma pantchito, ndinawafunsa chifukwa chake sanasiye pamenepo, poti chenjezo linali litaperekedwa. Anandiyankha ali chifulatire, monga mwa nthawi zonse. Anati anayesa. Kwa kanthawi ankangoyang'ana pansi, kuwerenga nyerere, koma tulo tinabwerera, ndipo anaona kuti akusanduka chikuni. Anatinso amene analakwitsa pa Yusufu ndi iwo, chifukwa ananena kamodzi n'kuchoka, pamene pansi pa mgodi munthu wosamva umamukoka malaya. Ine ndinati ndi maganizo omwewo amene anakupalamulitsani. Anati inde, ndipo angachitenso.

Chilimwe chotsatira inafika nkhani ya Esinati. Anali kamtsikana kochenjera, kokhala kutsogolo, ndipo amake anali mayi wa pakamwa, wotsogolera nyimbo kutchalitchi kwathu, woti akayamba kulankhula mzere wonse wa nyumba umamva. Lachinayi lina titaweruka, a Mbewe anaimika tsache.

"Esinati akupumira mbali imodzi. Akamaimba akugwira nthiti."

"Ndamva, bambo. Ndikawauza ndekha amake mawa m'mawa."

"Mawa ndi limene linapha Yusufu."

"Ndiye tumani mayi a kunyumba. Chonde, inu musapiteko. Anthu akulankhula kale."

"Akazi anga akazungulira, akayamba ndi za mvula. Ndipita ndekha."

Ndinawagwira mkono, anauchotsa. Anapitadi. Amake Esinati anawathira madzi otsukira mbale kumapazi n'kuwauza kuti akalodze ana awo. Loweruka Esinati anatengedwa kumsana kwa bambo ake kupita kuchipatala, thupi likuotcha, akupuma mobanika. Chinali chibayo.

Lolemba mabenchi anali ndi mipata. Lachiwiri mipata inakula, ndipo ana amene anabwera ankakhala cham'mbali, dzanja litaphimba nkhope mbali ya a Mbewe. Wina anabwera ndi kachithumwa katsopano m'khosi. Ine ndinkaphunzitsabe, koma ndinkadziwa kuti kalasi yopanda ana sibisika. Nkhani ikanafika kwa bwana wa komboni, iye sakanaweruza za ufiti. Boma linkaletsa kutchula munthu kuti mfiti, ndipo bwanayo njira yake inali imodzi: wobweretsa phokoso achoke. Wosavuta kuchotsa anali wopunduka wosongola mapensulo.

Lachitatu, tili pakati pa ba, be, bi, bo, bu, kalasi inada. Ndinacheuka n'kuona kuti mawindo atsekedwa ndi anthu. Anali amayi, nsalu atamanga m'chiuno, onse ali duu. Ana anasiya kuimba mmodzimmodzi. Amake Esinati analowa opanda odi.

"Aphunzitsi, ife ndi inu tilibe nkhani. Tikufuna Chimaso atuluke."

"Mayi, muno ndi m'kalasi. Tiyeni tikakambirane kwa ahedi."

"Mwana wanga ali kuchipatala, sakundizindikira. Inu mukuti kalasi?"

A Mbewe anali pampando wawo, mpeni wosongolera uli m'manja. Maso onse anali pa mpeniwo. Anauika pansi pang'onopang'ono, n'kuukankha ndi phazi mpaka unalowa pansi pa benchi. Sanaimirire. Kamwana kena kanayamba kulira, kenako ena, amayi n'kuyamba kulowa kukoka ana awo. Ine ndinakaima pakati pa mabenchi ndi mpando uja, osadziwa kuti wina akandikankha ndichita chiyani. Mwamwayi ahedi anafika akuthamanga. Anachonderera kuti pasapezeke wopita ku ofesi ya komboni, amuna akatuluka pansi tidzakhale tonse m'chipinda chomwecho.

Masanawo akuluakulu anadzapanikizana pa timabenchi ta ana, mawondo ali m'mwamba, ena malasha asanasambe. Kunkatentha koopsa koma palibe ankadzikupiza. Amake Esinati anayamba.

"Anapita kwa a Saidi. Yusufu ali kuti? Anabwera kwa ine. Esinati ali kuti? Mawa apita kwa yani? Munthu wamkulu tsiku lonse maso pa mwana wa eni ake, akufunapo chiyani?"

Ahedi anapempha a Mbewe kuti ayankhe. Anafotokoza mosakometsera: kuti ntchito yawo imatha m'mawa, kuti ankagona, kuti anayamba kuyang'ana ana kuti mutu usafe, ndipo zimene anaona pa Yusufu ndi pa Esinati aliyense akanaziona akanakhala ndi tsiku lonse lopanda chochita. Ahedi, pofuna kuwapatsa potulukira, anati, "Ndiye mulonjeze pamaso pa anthuwa kuti simudzapitanso pakhomo pa munthu."

"Ndikaona, ndinena," anatero a Mbewe.

Ndinafuna kuwagenda ndi choko. Munthu akukutsegulira khomo, iwe n'kulitseka ndi mwendo wako womwe. M'chipindamo munayamba phokoso, ndipo bambo ake a Esinati anati ngati zili choncho, mawa m'mawa ali ku ofesi. Ndinaimirira n'kufotokoza za mnyamata wa nkhunda uja, n'kufunsa kuti ngati mawu a bambowa amalodza, bwanji iye ali moyo ndipo akuba nkhunda mpaka lero. Amuna angapo anaseka. Amayi sanaseke.

Kenako a Saidi anaimirira kumbuyo, kofia ili m'manja. Aliyense ankadziwa kuti mawu awo ndi amene amalize nkhani. Mkazi wa a Mbewe, amake Filipo, amene anaima pakhomo ndi mwana kumsana, anagwira chitseko.

"Munthu uyu anabwera kwanga," anatero a Saidi. "Ndinali ndi diresi pa makina. Anati pitani lero. Ine ndinati mawa. Mwana wanga anamutenga Mulungu, ndipo diresi lija ndinalimaliza. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati mukufuna munthu wokwera sitima chifukwa cha Yusufu, si uyu."

Anakhala pansi. Ndinaganiza kuti zatha, koma amake Esinati anaimiriranso, ndipo tsopano sankakuwa. Misozi inkangotsika.

"Pepani a Saidi, wanu munaika kale. Wanga akupuma. Mwina bambowa ndi osalakwa, ine sindikudziwa. Koma ndikatseka maso ndikuona maso awo ali pa mwana wanga. Ndili ndi wina woyamba sukulu chaka cha mawa. Sindingamutumize kuti azikayang'anidwa."

Apa ndiyenera kunena zoona: mayi aja sanali oipa, anali ndi mantha, ndipo amayi onse m'chipindamo anali nawo mantha omwewo. Mantha sayankhidwa ndi nkhani ya nkhunda. Bambo ake a Esinati anayamba kutola chipewa kuti azipita, ndipo tonse tinadziwa kuti akatuluka pakhomopo, tikiti yalembedwa. Pamenepo amake Filipo analankhula ndi amuna awo m'Chinambya, motsitsa, koma ambiri tinamva. Anawafunsa dzina la mudzi umene akufuna kukawasiyako iwo ndi anawa, ndi amene akawalandire kumeneko.

A Mbewe anayang'ana mkazi wawo. Kenako anaimirira, nanyamula mpando wawo, nautembenuza kuti uyang'ane kukhoma, n'kukhalapo. Tinkangoona msana ndi nkhongo.

"Mayi a Esinati," anatero akulankhula ndi khoma, "maso ndi amenewa, ndawachotsa pa ana anu. Sindidzayang'ananso mwana wa mwini mpaka inu mudzanene. Koma makutu ndisiyireni."

"Nanga Esinati akafa?"

"Akafa, sipafunika wopita ku ofesi. Sitimayo ndikakwera ndekha."

Bambo ake a Esinati anabweza chipewa pa bondo. Ahedi anafulumira kutseka ndi pemphero anthu asanaganizenso.

Masiku otsatirawo sindidzawaiwala. Ana anabwerera, koma kalasi inali ngati pamaliro. A Mbewe ankafika m'mawa, n'kusongola mapensulo ndi kutunga madzi nkhope ili pansi, kenako n'kukhala moyang'ana khoma lopanda ngakhale chithunzi. Amake Filipo anali atamanga kale katundu m'bokosi. Sitima ikalira cha ku Thomson Junction, ndinkaona mapewa a bambo aja akuuma. Uthenga wa kuchipatala unkabwera mosinthasintha, lero ati wamwako phala, mawa ati wabwereranso. Ine ndinkaopa kucheukira pakhomo, kuti mwina pali munthu wobweretsa uthenga wa maliro. Sindinayambe ndapemphererapo mwana wa sukulu ngati m'mene ndinapemphererera Esinati, ndipo theka la pempherolo linali la a Mbewe.

M'mawa wina, ana ali mkati moimba ta, te, ti, to, tu, kamthunzi kanalowa pakhomo. Anali Esinati, atawonda ngati bango, atametedwa mpala. Sanapite pamalo pake kutsogolo, anangokhala pa benchi ya pakhomo n'kuyamba kuimba ndi anzake, mawu ake ang'onong'ono. Ine ndisanatsegule pakamwa, kuchokera kukhoma kuja kunamveka mawu.

"Takulandira, Esinati."

Ana anasiya kuimba. Msana uja unkagwedezeka, ndipo ndinaona dzanja likupita kumaso. Ndinauza ana kuti apitirize, ta, te, ti, to, tu, mokweza, kuti asamve bambo wamkulu akulira.

Kuyambira pamenepo mwana wa lero ankasankhidwa ndi khutu. Pa mawu onse oimba pamodzi ankatolapo amodzi n'kuwatsatira mpaka masana: amene akuchedwa, amene akutsokomola mouma, amene lero sakuseka. Ankati ntchitoyo tsopano yafanana ndi ya pansi, poti nako kunalibe choona. Akamva chokayikitsa ankauza ine, ndipo ine ndinkapita tsiku lomwelo, chifukwa ndikanena za mawa ankandikalipira tsache lili m'manja. Tulo sitinawagwirenso. Koma musaganize kuti zinali zokoma. Ana amene anakhala nawo chaka chathunthu ankakumana nawo pamsewu atakula, osawazindikira mpaka atalankhula.

Amake Esinati sanapepese. Tsiku lina anangotumiza nkhuku yophika, yopanda mawu. A Mbewe anadya yonse n'kunena kuti inali yokalamba. Zaka zinapita, ahedi anasintha, amayi aja anakhala agogo, nkhani inaiwalika. Ndinawauza kangapo kuti atembenuze mpando, palibe akukumbuka. Iwo ankati amene anamanga ndi amake Esinati, womasula ndi omwewo. Ndinapita kwa mayiwo kukawapempha, anati ndaiwala kale zimenezo, kodi bambowo akadali nazo? Ndinakawauza a Mbewe, iwo anati kuiwala si kumasula. Mayi aja anamwalira osanena mawuwo. Esinati mwini wake, ali kale ndi zidzukulu, anakawagwadira pakhonde kuti ayang'ane kamdzukulu kake. Anakana. Anati akaseketse kuti amve, n'kunena kuti kali bwino, mawu ndi a amake Esinati, kadzavutitsa anthu. Adzukulu awo okha ndi amene ankawayang'ana. Mukuona makani amene ndikunenawa? Ndinkawakonda bambo aja, koma ankandipsetsa mtima mpaka mapeto.

Dzulo ndinapita kwa Filipo kukabweza mbale za pamaliro. Mpando uja ukadali pakhonde, chiyang'anire kukhoma. Mkazi wa Filipo anafuna kuulowetsa m'nyumba, Filipo anati ausiye kaye. Pakhomapo pali madontho awiri akuda, osalala, pamene mawondo awo ankakhudza, ndipo m'munsi mwake simenti inakumbika ndi ndodo. Titakhala pamkeka, kunabwera kamtsikana ka mzere wakuseri, kakang'ono koti sikanauzidwe kanthu, kapena kanauzidwa koma sikanamve. Kanabwera monyang'ama monga mwa masiku onse, kakudziletsa kuseka, n'kuima kumbuyo kwa mpandowo. Kanaona kuti palibe munthu, komabe kanafunsa.

"Khulu, ngingubani?"

Kanadikira. Kenako kanazungulira, n'kukasuzumira kutsogolo kwa mpando, pakati pa mpando ndi khoma, pamene mwana wa mwini sanaimepo chiyambire tsiku lija.